Kupanga kanema wa pakompyuta wosonyeza mmene mtima umagwirira ntchito

Chithunzi cha papepala chimaonetsa maonekedwe a mtima, koma sichionetsa kayendedwe ka magazi. Wodwala amene wauzidwa kuti vavu ya mtima wake inawonongeka amamvetsa msanga akaona magazi akubwerera m'mbuyo, ndipo akamvetsa sasiya mankhwala wamba. Ngati mukukonza kanema wa zithunzi zoyenda wophunzitsira odwala kapena ana asukulu, mfundo izi zikuthandizani.

Zoyenera kuoneka

Mtima uli ndi zipinda zinayi, ziwiri kumtunda ndi ziwiri kumunsi. Magazi ochokera m'thupi amalowa m'chipinda chakumtunda chakumanja, n'kutsikira m'chakumunsi, chimene chimawapopera kumapapo. Akatenga mpweya wa okosijeni amabwerera mbali yakumanzere, ndipo chipinda chakumunsi chakumanzere chimawakankhira m'thupi lonse kudzera mumtsempha waukulu wotchedwa aorta. Khoma la chipinda chimenechi mulijambule lochindikala, chifukwa ndicho chimapopa mwamphamvu kuposa zinzake. Musaiwale mavavu anayi, amene ali ngati zitseko zotsegukira mbali imodzi yokha.

Kuwerengera nthawi

Mtima wa munthu wamkulu amene akupuma umagunda maulendo 60 mpaka 100 pa mphindi. Ukamagunda maulendo 75, kugunda kumodzi kumatenga masekondi 0.8: zipinda zakumtunda zimafinya kwa masekondi 0.1, zakumunsi 0.3, ndipo kwa masekondi 0.4 mtima wonse umamasuka n'kudzaza magazi. Kanema woonetsa zithunzi 24 pa sekondi amafuna zithunzi pafupifupi 19 pa kugunda kumodzi. Liwiro limeneli diso silingalitsatire bwino. Choncho yambani ndi liwiro lenileni, kenako muchedwetse kanayi, ndipo muwauze oonera kuti mwachedwetsa dala. Pulogalamu ya Blender, imene ndi yaulere, imatha kuchita zonsezi.

Zolakwika zofala

Choyamba, mbali ziwiri za mtima zimagunda nthawi imodzi. Mukatsatira dontho limodzi la magazi ulendo wonse, oonera angaganize kuti kumanja kumayamba ndipo kumanzere kumadikira. Chachiwiri, magazi sakhala abuluu. Mtundu umenewu ndi chizindikiro chabe cha magazi amene ali ndi okosijeni wochepa, ndipo magazi oterowo kwenikweni amakhala ofiira moderako. Chachitatu, mtima umajambulidwa ngati wa munthu amene wayang'anizana nanu, moti kumanzere kwake kumaoneka kudzanja lanu lamanja. Lembani mawu osonyeza mbali. Pomaliza, phokoso la kugunda limamveka mavavu akamatseka, ndiye liikeni pamalo pake.

Kanema wothandiza odwala

M'chigawo chino cha Africa muli ana ndi achinyamata ambiri amene mavavu awo anawonongeka chifukwa cha zilonda zapakhosi zoyamba ndi mabakiteriya zomwe sizinachizidwe. Kuonetsa vavu yabwino pambali pa yowonongeka kumathandiza makolo kuzindikira chifukwa chake mwana ayenera kubayitsa jakisoni wa penisilini mwezi ndi mwezi ngakhale akuoneka wathanzi.

Musanafalitse kanemayo, apatseni adokotala kapena anamwino kuti amuunike. Kenako muonetseni kwa anthu ochepa amene sanaphunzire zachipatala, ndi kuwapempha kuti afotokoze okha zimene aona. Pamene asokonezeka ndi pamene pafunika kukonza. Kanemayo akhale wamfupi ndiponso wosadya bandulo yambiri, kuti atumizike mosavuta pa WhatsApp.