Wofuna kutontholetsa gene azidziwanso kompyuta

Achinyamata amene akumaliza PhD amandionetsa zilengezo za ntchito ya postdoc zofuna munthu wodziwa RNA interference, kapena kuti RNAi, komanso computational biology. Amadabwa kuti ziwirizi zikukumana pati, popeza ina ndi ya m'labotale, ina ya pa kompyuta. Zimakumana m'kati mwa selo momwemo.

Selo likafuna kupanga puloteni, gene imatumiza uthenga wolembedwa pa RNA. RNAi imagwira uthengawo n'kuudula, puloteni osapangidwa. Gene yeniyeniyo siikhudzidwa. Ili ngati mfumu imene ikulamulabe, koma nyakwawa yake yagwidwa panjira. Andrew Fire ndi Craig Mello ndiwo anaonetsa izi mu 1998 pa kanyongolotsi kotchedwa C. elegans, atapeza kuti RNA ya zingwe ziwiri ndiyo imayambitsa zonsezi. Analandira mphoto ya Nobel mu 2006. Mu 2001 gulu la Thomas Tuschl linaonetsa kuti tizidutswa ta RNA ta zilembo 21, totchedwa siRNA, timachita zomwezi m'maselo a munthu.

Vuto lili apa. Puloteni yotchedwa Argonaute imanyamula chingwe chimodzi cha siRNA n'kumasaka uthenga wofanana nacho. Koma posakapo imadalira kwambiri zilembo zochepa, kuyambira chachiwiri kufika chachisanu ndi chitatu. Ndi zilembo 7 basi. RNA ili ndi zilembo za mitundu inayi, choncho zilembo 7 zingasanjidwe m'njira 16,384 zokha, pomwe munthu ali ndi ma gene opanga mapuloteni pafupifupi 20,000, uthenga uliwonse wautali ndithu. Ndiye kuti siRNA imene mwaituma ku gene imodzi ingathe kufooketsanso ena ambiri amene simunawaganizire. Selo likafa, mudziwa bwanji chimene chalipha? Palibe angawerenge mauthenga onsewo ndi maso. Pamafunika wolemba pulogalamu yosankha siRNA yabwino isanapangidwe, n'kudzasanthula zotsatira pambuyo pake. Ine ndimakayikira zotsatira zilizonse zochokera pa siRNA imodzi yokha, ngakhale zitaoneka zokongola bwanji.

RNAi inatuluka kale m'labotale. Mu 2018 dziko la America linavomereza patisiran, mankhwala oyamba a RNAi, ochokera ku kampani ya Alnylam. Inclisiran, wotsitsa cholesterol, munthu akazolowera amabayitsa kawiri pachaka. Onsewa amagwira ntchito m'chiwindi, chifukwa kufikitsa siRNA ku ziwalo zina, monga ubongo, n'kovutabe, ndipo ofufuza ambiri akulimbana ndi zimenezo. Kumunda nakonso, mu 2021 dziko la Kenya linalola kuti chinangwa chotetezedwa ndi RNAi ku matenda a brown streak chiyesedwe m'madera osiyanasiyana. Matendawa alimi athu a m'mbali mwa nyanja amawadziwa bwino, amaoletsa chinangwa m'kati.

Postdoc si sukulu ayi. Ndi ntchito ya malipiro, kawirikawiri ya zaka ziwiri kapena zitatu, pansi pa mwini labotale. Malo alipo monga RNA Therapeutics Institute ku Worcester, komwe Mello ali, ndi EMBL-EBI ku Hinxton ku England. Mukhozanso kupita ndi ndalama zanu kuchokera ku EMBO, Human Frontier Science Program kapena Marie Skłodowska-Curie. Yomalizayi siyang'ana dziko lochokera, koma ili ndi lamulo lakuti musakhale mutakhala m'dziko limene mukupitalo kupitirira miyezi 12 pa zaka zitatu zapitazo.

Ndikamawerenga makalata ofunsira ntchito, mawu akuti "ndimadziwa Python ndi R" sandigwira mtima. Zotsatira za kafukufuku wa ena zili poyera, zaulere, m'nkhokwe ya GEO ya NCBI. Tengani za siRNA imodzi, muwerenge ma gene amene anatsika osalingaliridwa, muike pulogalamu yanu pa GitHub, mutumize pamodzi ndi kalatayo. Ndipo musanasaine, lemberani amene anachoka mu labotaleyo, muwafunse ngati analoledwa kutenga kafukufuku wawo pochoka.