Mchere si umodzi: za Chilwa ndi matanki a nsomba

Ife a ku Kachulu timadziwa kuti madzi a nyanja ya Chilwa ali ndi kamchere. Mitsinje ya Domasi, Likangala ndi Phalombe imathira m'nyanjayi, koma palibe mtsinje wotulutsa madzi. Dzuwa likamwa madziwo, mchere umatsala. Komabe nsomba ya m'nyanja ya Indian singakhalemo, chifukwa mcherewu ndi wochepa komanso ndi wa mtundu wina.

Anthu oweta nsomba ndi ma coral m'matanki agalasi amaidziwa bwino nkhaniyi. Coral ndi kanyama komanga chigoba cha laimu, choncho mchere wa m'ndiwo sukakwanira. Iwo amagula mchere wosakaniza kufakitale n'kuusungunula mpaka lita iliyonse ikhale ndi magalamu pafupifupi 35, monga m'nyanja zikuluzikulu. Posankha amayerekeza kashiamu, magineziyamu ndi kaboneti. Instant Ocean amakwanira thanki ya nsomba zokha, pamene Red Sea Coral Pro ali ndi kashiamu ndi kaboneti wochulukirapo wothandiza ma coral kukula. Mchere ukasintha mwadzidzidzi, zamoyozi zimatha kufa.

Kwathu zimachitikanso. Chilwa itauma mu 1968 ndi 1995, mchere unachuluka m'madzi otsala, nsomba zambiri n'kufa. Matemba, makumba ndi milamba zinapulumukira m'mitsinje, ndipo n'zimene zinadzazanso nyanja. Tikamalima mpaka m'mphepete mwa Likangala ndi kudula mitengo ya m'phiri la Zomba, tikuwononga pothawira nsomba zimene Mulungu anatipatsa kuti tizisamalire.