Fanelo yodontha

Agogo anga ankagulitsa palafini pa Chitakale. Chida chawo chodalirika chinali fanelo ya chitini, yokhoma mmisiri wa pamsika pomwepo. Akamathira m'botolo la kasitomala, palibe dontho linkagwera pansi: cholowera kukamwa kwa fanelo chinkatulukira chonse kukhosi. Ndiye nditayamba ntchito yolemba mapulogalamu a kompyuta n'kumva zoti pali tchati chotchedwa funnel chart, kapena kuti tchati cha fanelo, ndinaseka. Fanelo ya agogo sinkataya kanthu, pomwe iyi ntchito yake ndi kuulula zotayika. Akanandifunsa ine ndikanati tichitche lichero, poti popeta m'pamene madeya amauluka. Koma dzina linamera kale mizu.

Anthu akaona tchatichi pa foni kapena pa khoma la ofesi, chonenepa kumutu chowonda kumiyendo, amaganiza kuti pali matsenga a anthu ophunzira. Matsenga palibe. Tiyeni tichimasule ndi chinthu chathu chomwe, mkungudza.

Mtengo umenewu, womwe kwawo kwenikweni ndi phiri la Mulanje lokha padziko lonse, unasankhidwa kukhala mtengo wa fuko mu 1984, koma kalembera wa mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha itatsala m'phirimo. N'chifukwa chake a Mulanje Mountain Conservation Trust, a zankhalango ndi anthu a m'midzi yozungulira phiri akhala akufesa mbande m'manazale. Tiyerekeze, ndi manambala ongopeka kuti timvane, kuti nazale ina yafesa njere 1,000 m'machubu. Zamera 600. Zakhwima mpaka kuyenera kusamutsidwa 500. Zasenzedwa pamutu n'kukabzalidwa kuphiri 450. Chilimwe chitatha, zamoyo 150. Mukalemba manambalawa m'kope, diso limangodutsa. Mukawajambula ngati magawo asanu osanjikizana, lililonse kunenepa kwake kolingana ndi nambala yake, ngakhale munthu amene sanapondeko m'kalasi amaloza: "Apa, apa m'pamene zikuthera!" Pakati pa 450 ndi 150 pali phompho.

Nanga code yake imatheka bwanji? Mumayamba ndi mndandanda: dzina la gawo ndi nambala yake, kasanu. Kenako samu ya ku pulayimale. Ngati malo amene muli nawo pa sikirini ndi ma pixel 300 m'lifupi, gawo loyamba limatenga onse 300. Lachiwiri ndi 600 kugawa ndi 1,000 kuchulukitsa ndi 300, yankho 180. Lomaliza limapeza 45. Mukatero mumauza browser, kudzera mu JavaScript ndi njira yojambulira yotchedwa SVG, pomwe pagwe ngodya zinayi za gawo lililonse, monga mmene mmisiri amakhomera zikhomo n'kukoka chingwe asanakumbe maziko. Nkhani yonse ndi imeneyo. Mwana wa Fomu 2 wachidwi atha kuilemba madzulo amodzi.

Ambiri a ife sitiyambira pansi chotere. Pali zida zopangidwa kale zimene timangolumikiza ku pulogalamu: Highcharts, ECharts, Plotly, kapena D3 kwa ofuna kuumba chilichonse ndi manja awo. Koma zida zimenezi sizilankhula chimodzimodzi. ECharts ndi Plotly zimaonetsa nambala ndi kunenepa kwa gawo. Highcharts imasiya fanelo mmene ilili n'kuonetsa nambala ndi kutalika kwa gawo kuchoka pamwamba kutsika. Manambala amodzi omwewo, zithunzi ziwiri zosiyana. Wowerenga akapanda kudziwa kuti ayang'ane chiyani, amapusitsika masana dzuwa likuswa mtengo.

Ine ndinapusitsikapo, pamaso pa anthu. Bungwe lina, lomwe sindilitchula, linandipatsa ganyu yokonza pulogalamu ya pa intaneti yotsatira mbande za m'manazale ake. Ndinagwiritsa ntchito ECharts. Chidachi, ukapanda kuchiletsa, chimasanja chokha magawo kuyambira nambala yaikulu kutsikira ku yaing'ono, kuti fanelo ioneke bwino. Tsono chaka chimenecho nazale ina inalandira mbande zoonjezera kuchokera kwa anzawo a kutsidya, moti zobzalidwa zinachuluka kuposa zomera. Chida changa, mwaulemu wake wonse, chinakweza "zobzalidwa" pamwamba pa "zomera". Tchati chinatuluka chosalala, mitundu ikuwala, ine chifuwa patsogolo.

Tili mu msonkhano, mayi wina wachikulire, msungichuma wa komiti ya nazale, anavula magalasi, n'kuwapukuta ndi nsonga ya chitenje, n'kuwavalanso. "Achimwene, pepani ndine mbuli pa zamakinazi. Koma kwanuko mbande imayamba yabzalidwa kenako n'kumera?" Holo yonse inafa nacho chiseko. Kukonza kwake kunali liwu limodzi: pomwe code imafunsa za kasanjidwe, ndinalemba none, kutanthauza kuti isasanje. Koma fanelo inatuluka ndi mimba pakati ngati njoka yomeza khoswe, ndipo mimbayo ndiyo inali zoona. Inkatiuza kuti tasakaniza magulu awiri a mbande m'chiwerengero chimodzi.

Kuyambira pamenepo ndimauza aliyense wondipatsa ntchito kuti code ndi gawo lopepuka. Cholemera n'kutsimikiza kuti zimene mukuwerenga pansi ndi zomwe zija munayamba nazo pamwamba. Fanelo imafuna gulu limodzi, lolowa pakhomo limodzi, lotsatidwa mpaka kumapeto. Mukathiramo zina pakati panjira, chithunzi chimanama ngakhale nambala iliyonse ili yolondola.

Msampha wachiwiri ndi wa maperesenti. Azaumoyo amaudziwa bwino, chifukwa zolinga za UNAIDS za 95-95-95 ndi fanelo yeniyeni: mwa anthu 100 amene ali ndi HIV, 95 adziwe mmene m'thupi mwawo mulili, mwa odziwawo, 95 pa 100 alionse akhale pa mankhwala, mwa omwa mankhwalawo, 95 pa 100 alionse tizilombo tichepe m'magazi. Kumva mwachangu, umati ndi 95 paliponse. Koma ukawerengera kuchokera pa 100 oyamba aja, ndi 95, kenako 90, kenako 86. Zonse ndi zoona, kungoti zikuyankha mafunso osiyana. Plotly imakulola kusankha kuti ulembe peresenti yoyerekeza ndi gawo lapitalo kapena ndi gawo loyambirira. Wofuna kukondweretsa abwana amasankha nambala yonenepa. Ine ndimalemba zonse ziwiri, ndi mawu ofotokoza pambali.

Zokongoletsa zimabwera pambuyo, ndipo kuno kwathu zili ndi malamulo ake amene mabuku akunja satchula. Choyamba, mawu athu ndi aatali. "Mbande zopulumuka chilimwe" sangakwane m'khosi la ma pixel 45, choncho mayina ndimawaika kunja, kumanja, ndi kamzere kolozera. Chachiwiri, pulogalamu imene ndalemba pa laputopu idzatsegulidwa pa foni yaing'ono ku Muloza kapena ku Likhubula, ndi bandulo ya TNM kapena Airtel yogula movutikira. Kumukakamiza munthu kukoka chida chonse cholemera chifukwa cha tchati chimodzi n'kumudyera ndalama. Pamenepo ndimalemba SVG yanga ndekha. Chachitatu, lipoti limathera pa pulinta ya inki yakuda, ndiye zofiira ndi zobiriwira zimasanduka phulusa limodzi. Pali anthu enanso amene maso awo sasiyanitsa mitundu iwiriyi chibadwire. Ndimasankha mtundu umodzi, n'kudetsa kwambiri gawo lokhalo lomwe kwatayika zambiri, kuti diso lifikire pamenepo.

Nthawi zinanso ndimakana. Wina akafuna fanelo yoonetsa masamba a tiyi amene alimi a m'midzi isanu athyola, ndimamuuza kuti midzi si masitepe. Mudzi wachiwiri sutuluka mwa woyamba. Pamenepo tchati cha mipiringidzo wamba chimakwanira.

Choncho mukadzaona fanelo pa msonkhano wa komiti ya chitukuko cha m'dera (ADC) kapena pa khoma la chipatala, musachite nayo mantha. Funsani ngati mayi uja: kodi magawowa akutsatana monga zimachitikira kumunda? Kodi apansiwa ndi omwe aja tinayamba nawo? Peresentiyi akuyerekeza ndi chiyani? Ndipo mukaloza pomwe pali phompho, dziwani kuti kompyuta yafika pamapeto a nzeru zake. M'chitsanzo chathu chija, imadziwa kuti mbande 300 zafa pakati pa kubzala ndi mvula yotsatira. Kaya ndi moto wolusa, kaya ndi chilala, kaya zinabzalidwa mochedwa, zimenezo sizili mu code yanga. Wina ayenera kumanga nsapato, kutenga botolo la madzi, n'kukwera kukaona.