Nyimbo Zoumba Khalidwe la Mwana

Kholo lililonse limadziwa kuopsa kwa maola aja a pakati pa belu loweruka kusukulu ndi kulowa kwa dzuwa. Pa nthawi imeneyi aphunzitsi apita kwawo, bambo ndi mayi akali kuntchito kapena kumunda, ndipo mwana amaleredwa ndi aliyense amene wakomana naye panjira. Mwezi uno tiyeni tione mmene anthu a dziko la Venezuela, ku South America, anayesera kudzaza maola amenewa ndi nyimbo.

Chiyambi Chake

M'chaka cha 1975, mkulu wina wodziwa zachuma ndiponso nyimbo, dzina lake José Antonio Abreu, anaitana achinyamata kuti adzaphunzire kuyimba pamodzi m'nyumba yosungiramo magalimoto mumzinda wa Caracas. Amene anabwera tsiku loyambalo anali 11 okha. Iye sanataye mtima. Boma litaona ubwino wake linayamba kuthandiza ndi ndalama, ndipo ntchitoyo, imene imatchedwa El Sistema, inafalikira m'dziko lonselo kufikira ana zikwi mazanamazana. Pamene Abreu ankamwalira mu 2018, maiko ambiri anali atatengera kale nzeru yake, monga mumzinda wa Los Angeles ku America mu 2007, ndi ku Raploch ku Scotland mu 2008.

Dongosolo lake ndi lotere. Akaweruka kusukulu, ana amapita kumalo ophunzirira a kudera kwawo, nakhala kumeneko maola angapo, masiku ambiri a sabata. Kholo silipereka kanthu, ndipo choyimbira, kaya ndi vayolini, lipenga kapena chitoliro, mwana amachita kubwerekedwa. M'malo ena ana ang'onoang'ono amayamba ndi vayolini wa mapepala, kuti aphunzire kagwiridwe ndi kasamalidwe kake asanapatsidwe weniweni. Chachikulu n'chakuti mwana sadikira kuti akhale katswiri asanalowe m'gulu: amayimba ndi anzake kuyambira pachiyambi, ndipo wamkulupo amaphunzitsa wamng'ono.

Zimene Mwana Amapindula

Pamenepa ndi pamene pagona nkhani. M'gulu la oyimba, mwana wopupuluma amaphunzira kudikira kufikira nthawi yake yakwana. Wodzikuza amazindikira kuti akakweza mawu ake kuposa anzake, nyimbo yonse yaonongeka. Wamanyazi amaona kuti tsiku limene wajomba, mpando wake umasowa mwini ndipo anzake amamufunsa. Mzere umodzi wovuta amaubwereza kakhumi, kawiri pa tsiku, kufikira utatheka. Ndipo mwana amene walawa chimwemwe cha kutha chinthu chovuta sathawa msanga masamu akamuvuta. Akuluakulu anati ukaipa dziwa nyimbo, kutanthauza kuti munthu aliyense akhale ndi luso lomupatsa ulemu pakati pa anzake.

Ena mwa ana amenewa anafika patali. Gustavo Dudamel, wobadwira ku Barquisimeto mu 1981, anayamba kutsogolera gulu lotchuka la Los Angeles Philharmonic mu 2009. Edicson Ruiz wa ku Caracas analandiridwa m'gulu la Berlin Philharmonic ku Germany ali ndi zaka 17 zokha. Komabe akatswiri otere ndi owerengeka. Phindu la ana ambiri linaoneka pa kafukufuku wa banki ya Inter-American Development Bank wofalitsidwa mu 2017, amene anatsata ana pafupifupi 3,000. Anapeza kuti ana ophunzira nyimbo ankadziletsa bwino ndipo khalidwe losamvera linachepa, makamaka mwa anyamata okulira pakati pa ziwawa.

Chenjezo

Pali mbali inanso imene tiyenera kuimva. Kafukufuku yemweyo anaonetsa kuti ana a m'mabanja osaukitsitsa anali ochepa m'magulumo kusiyana ndi mmene anthu ankaganizira. Nayenso Geoffrey Baker wa ku Britain, m'buku lake la mu 2014, anadandaula kuti aphunzitsi ena ankalamulira ana mwaukali, nawatopetsa ndi maphunziro aatali pofuna kuti gulu litchuke. Choncho kunena kuti sukulu ndi yaulere sikukwanira. Mwana wosauka amafunika kumulondola kwawo, chifukwa njala, ulendo wautali ndi ntchito zapakhomo zimamutsekereza ngakhale chitseko chili chotsegula. Ndipo nyimbo yophunzitsidwa ndi mkwapulo imabala mantha, osati khalidwe.

Nanga Ife?

Mavayolini tilibe, koma mawu tili nawo, ndipo m'mipingo mwathu muli anthu odziwa do, re, mi amene angaphunzitse ana popanda malipiro. Makolo anzanga, mwana akapempha kupita kukwaya musamuyese wothawa ntchito. Gawani bwino ntchito zapakhomo kuti mtsikana naye apeze mpata monga mlongo wake, ndipo mudziwe amene akumuphunzitsa ndi nthawi imene abwere. Tsiku loyimba pitani mukamumvere. Inu achinyamata amene mwadziwa kale kuyimba, tengani mng'ono wanu mmodzi mumuphunzitse mofatsa zimene inunso munalandira kwaulere. M'mera mpoyamba: mwana amene waphunzira kumvetsera anzake poyimba adzadziwanso kumvetsera m'banja, kuntchito ndi pabwalo la milandu.