Kutsika mapiri kukasamba ku Nkhotakota

Mnzathu wina wa kwa Malenga ku Ntchisi wafika zaka 24 asanaviikepo phazi m'nyanja ya Malawi. Ankangoionera patali akakwera phiri la Ntchisi, kunja kukayera bwino. Tsono atatiuza kuti wagula tikiti ya basi ya ku Joni, tidamangana pa gulu lathu la WhatsApp: asanawoloke ku Dedza, ayambe wasamba m'nyanja ya kwawo.

Tidalipo asanu, awiri ochokera ku Mponela. Tidasonkha ya mafuta pa Airtel Money, n'kugwira Sienta ya achimwene ena, Loweruka m'mamawa ulendo kudzera ku Malomo. Majuzi tidavula tisanafike n'komwe. Kumapiri kuzizira, kumunsi ng'anjo.

Msewu umadutsa m'nkhalango ya Nkhotakota, yomwe bungwe la African Parks lakhala likuyang'anira kuyambira mu 2015. M'zaka za 2016 ndi 2017 adabweretsamo njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete. Ife tidaona ndowe zokha pamsewu, koma zidakwana kutontholetsa galimoto yonse.

Ambiri amathamangira kumchenga, koma ine ndimati yambani ndi mtengo. Pafupi ndi chipatala cha St Anne's pali mtengo waukulu pomwe David Livingstone adakumana ndi Jumbe mu 1863 pa nkhani ya malonda a akapolo. Kuchokera gombe lomweli anthu ankakwezedwa m'zombo, kuwolotsedwa nyanja, kenaka ulendo wapansi mpaka ku Kilwa. Chapafupi pali tchalitchi cha Anglican cha All Saints, momwe adaikamo Bishopu Chauncy Maples yemwe adamira m'nyanjayi mu 1895. Tidaphunzira izi ku pulaimale, koma kuimirira pansi pa mtengowo n'kwina. Mnzathu wa ku Joni uja sadajambule selfie pamenepa. Adangoti, "Aise, anthu akhala akuchoka kalekale eti?"

Nkhomaliro inali kondowole ndi kampango. Mwana wa mgaiwa, samala: kondowole satafuna, ndipo amakakamira m'manja ngati ulimbo. Mayi wa pa lesitilanti adatiseka mpaka misozi. "Ana anga, nyowetsani kaye dzanja." Chambo chinalipo, koma mtengo wake udatibweza. Tidagula usipa wouma ndi mpunga wa kilombero wopita nawo kunyumba, titanenerera ndithu.

Ndiye kunyanja. Mwera unkawomba pang'ono, ndipo msodzi wina yemwe ankasoka ukonde adatichenjeza kuti tisapitirire pomwe madzi afika m'chiuno, komanso tisayandikire m'mabango, komwe ng'ona zimabisala. Mumvereni munthu wotere. Mwa asanufe, wodziwa kusambira analipo mmodzi yekha, nayenso n'kuphunzirira m'damu.

Mnzathu uja adalowa ndi kabudula wa mpira, akunjenjemera, funde loyamba n'kumugwetsa chagada. Adadzuka akutsokomola, akuseka, kenaka adangokhala m'madzimo phee kwa nthawi yaitali, maso kutsidya. Palibe adamufunsa kanthu.

Pofika 3 koloko dalaivala adayamba kuliza hutala, poti sankafuna kuti mdima utipeze m'nkhalango muja. Tidakwera mchenga uli m'makutu, thumba la usipa likununkhiza galimoto yonse. Mnzathuyo adatunga madzi a m'nyanja m'kabotolo ka Sobo, n'kukaika pamiyendo mpaka ku Ntchisi. Basi yake inyamuka Lachinayi.