Kafukufuku wa anthu abwerere kwa eni ake

Tsiku lina ndili kwathu kufupi ndi Mulanje Mission, agogo anandifunsa funso lomwe mpaka lero likundisowetsa tulo. Amvekere: "Iwe wa sukulu, mnyamata uja anabwera ndi kowajambulira mawu, n'kundifunsa tsiku lathunthu za kuthyola tiyi, analemba zotani?" Ine kukamwa yasa. Mkuluyo anadya nafe kalongonda, anatsazika bwinobwino, basi osamvekanso.

Musaganize kuti za ife sizinalembedwe ayi. Mu 1986 Robin Palmer analemba mu Journal of African History za moyo wa antchito m'maesiteti a tiyi kuyambira 1930 mpaka 1953. Mu 1987 Landeg White anatulutsa buku lotchedwa Magomero, momwe muli nkhani ya thangata ndi ya Alomwe ochokera ku Mozambique. Mu 1996 a Kachere ku Zomba anasindikiza buku la Andrew Ross lonena za Blantyre Mission, kholo la mishoni yathuyi. Koma tandiuzeni, pamsika wa Chitakale kapena wa Limbuli ndani anamvapo?

Vuto lagona pa muyeso. Kuyunivesite munthu amakwezedwa akalemba m'Chingerezi m'magazini a ophunzira anzake, ndipo pa Google Scholar amawerenga kuti ndi angati amutchula m'zolemba zawo. Muyeso umenewu suwerenga agogo anga, ngakhale mawu enieniwo anali awo. Pajatu akulu anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Nzeru zokhala m'mashelefu a ku London si zathu.

Ndiye titani? Aliyense wochita kafukufuku azibwereranso kwa amfumu omwe anamulandira, n'kufotokoza pabwalo zomwe anapeza. Alembe masamba awiri okha m'Chichewa kapena m'Chilomwe, awasiye kusukulu ndi kutchalitchi. Alankhule pawayilesi ya m'dera. Ndipo akuluakulu a mayunivesite aziwerengeranso zimenezi pokweza munthu pantchito.

Inu ophunzira, mukapita kutchuthi tengani foniyo mujambule agogo akadali moyo. Inu a geni, wina akabwera ndi mapepala a mafunso, mumufunse kaye kuti adzabwera liti kudzakuuzani zotsatira.

Agogo anga anatisiya asanamve yankho lawo.