Chida Chikakhala Chete, Sikuti Zonse Zili Bwino

Kuno ku Assumane, mu mzinda wa Lichinga, mmisiri wokonza mawailesi kapena mabatire a sola amayeza magetsi ndi mita ya m'manja, maso ali pa manambala. Koma zida zoyezera za m'labotale zambiri zimalamulidwa ndi kompyuta, mwini wake ali kwina. Achinyamata amene akuphunzira ntchito imeneyi ali ndi zikhulupiriro zingapo zomwe zimandidetsa nkhawa, chifukwa zimabala manambala abodza ooneka ngati oona.

Ambiri amati: "Ndatumiza lamulo, chida sichinadandaule, ndiye kuti chamva." Ayi ndithu. Chidacho sichiyankhula chisanafunsidwe. Chikalandira lamulo lolakwika chimangolemba m'kaundula wake, n'kukhala duu. Kaundulayu ali ndi timabokosi 8, kalikonse ndi mtengo wake, kuyambira 1, 2, 4 mpaka 128, monga mwa malamulo a IEEE 488.2 a mu 1987. Mukatumiza funso lakuti *ESR?, chida chimayankha nambala imodzi. Ikakhala 32, lamulo linalembedwa molakwika. Ikakhala 16, lamulo lamveka koma silingachitike, monga kupempha magetsi opitirira mphamvu ya chidacho. Mukaona 48, zonse ziwiri zachitika. Pa zida zotsata chiyankhulo cha SCPI, chomwe chinakhazikitsidwa mu 1990, funso lakuti SYST:ERR? limatchula cholakwacho ndi nambala yake; -113 ndiye kuti chida sichikulidziwa lamulolo.

Wina amafunsa kawiri, ulendo wachiwiri n'kupeza 0, basi amati vuto latha lokha. Silinathe. Kaundula ameneyu amafufutika pomwe wawerengedwa, ndiye yankho loyamba lija lisungeni.

Palinso 0 wina wonyenga. Funso la *STB? limapereka chidule cha makaundula onse, koma kabokosi ka 32 m'chidulecho kamayaka pa zinthu zokhazo zimene munaloleza ndi lamulo la *ESE. Ngati simunaloleze kanthu, zolakwa zikhoza kudzaza kaundula, kabokosi kaja osayaka.

Kabokosi kamene ndimakakonda ndi ka 128 m'kaundula wa *ESR? uja, ndipo ena amakayesa kopanda ntchito. Kamayaka chida chikazima n'kuyakanso. Magetsi a ku Lichinga amayenda mtunda wautali pa nthambo zodzera ku Cuamba, ndipo aliyense wokhala kuno akudziwa kuti nthawi ya mvula amatha kuphethira. Tiyerekeze kuti mwasiya laputopu ikulemba mmene batire ya sola ikutsikira usiku wonse. Pakati pa usiku magetsi athima kwa kanthawi. Laputopu ili ndi batire yake, ikupitiriza. Mita yazima, yayakanso, ndipo zida zambiri zikatero zimaiwala zimene munazikonzera. Ngati kulumikizana kwabwerera, manambala azingobwera, koma mwina mita ikuyeza china, osati chimene munaiuza. M'mawa palibe chizindikiro pa tebulo la manambala. Mboni yokhayo ndi 128 uja, ndipo pulogalamu yabwino ikamuona imabwereza makonzedwe onse isanalembe nambala ina.

Nanga kudikira? Ena amaika masekondi 5 m'pulogalamu, n'kumati pofika pamenepo chida chatsiriza. Kumeneko n'kulota. Funso la *OPC? limayankha 1 ntchito ikatha, osati isanathe. Ndiponso palibe chifukwa chofunsa mobwerezabwereza ngati mwana wodikira nsima: mukakonza malamulo a *ESE ndi *SRE, chida chimaitana chokha kompyuta pakachitika kanthu.

Otsiriza ndi amene amati izi ndi za makedzana, za nthambo zonenepa za GPIB zimene Hewlett-Packard inayambitsa ndipo zinavomerezedwa mu 1975. Nthambozo zikusowadi, koma makaundula sanasinthe. Mita yatsopano yolumikizidwa ndi USB kapena netiweki, ngati ikutsata IEEE 488.2, mukaiyatsa n'kuifunsa *ESR? idzakuyankhani 128.